MAYI MARY SUMNER: CHIKHULUPIRIRO CHIMENE CHINAKULA PANG'ONOPANG'ONO



Chaka chilichonse pa 9 Ogasiti timavala yunifolomu yathu ndi kusonkhana m'matchalitchi mwathu kukathokoza Mulungu chifukwa cha moyo wa Mayi Mary Sumner, amene anayambitsa bungwe lathu la Mothers' Union. Dzina lawo tonse timalidziwa. Ambiri a ife tinaliloweza pamodzi ndi chaka cha 1876 pa nthawi imene tinkaphunzitsidwa kuti tilandiridwe m'bungwe. Koma si tonse amene tikudziwa kuti pa tsiku la msonkhano woyamba wa bungweli, mayiwa anagwidwa ndi mantha aakulu, mpaka kulephera kulankhula pamaso pa amayi amene anawaitana iwo eni. Patapita zaka 9, mayi omwewo anaimirira pamaso pa amayi pafupifupi 1,000, ndipo zimene analankhula tsiku limenelo zinatsegula njira yoti bungwe lathu lifike m'mayiko ambiri.

Kodi mphamvu imeneyi inachokera kuti? M'nkhani ino tikufuna titsatire moyo wawo kuyambira pa ubwana mpaka ku manda. Tiona kuti kulimba mtima kwawo kunakula pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, monga umakulira mtengo, chifukwa chokhala pafupi ndi Mawu a Mulungu tsiku ndi tsiku.

UBWANA WAWO

Mary Elizabeth Heywood anabadwa pa 31 Disembala 1828 ku Swinton, pafupi ndi mzinda wa Manchester m'dziko la England. Anali wachitatu mwa ana anayi. Bambo ake, a Thomas Heywood, anali munthu wachuma, wa ntchito za banki, amenenso ankakonda kufufuza mbiri yakale. M'chaka cha 1832 banjali linasamukira ku nyumba yaikulu yotchedwa Hope End, kufupi ndi mudzi wa Colwall m'dera la Herefordshire. Patangopita chaka chimodzi zovuta zinagwa pakhomopo. Khanda lalimuna, mlongo wake wa Mary, linamwalira lili ndi milungu 6 yokha. Chuma cha bambo sichinathe kutsekereza imfa pakhomo, ndipo Mary anaona misozi ya mayi ake iye akadali kamtsikana.

Mayi akewo anali munthu wokonda kupemphera. Ankasonkhanitsa amayi a m'deralo kuti aphunzire za Mulungu ndi kulimbikitsana pa nkhani za pakhomo. Mary anakula akuona zimenezi. Pajatu mmera mpoyamba. Paulo polembera Timoteo anamukumbutsa kuti chikhulupiriro chake chinayamba kukhala mwa agogo ake a Loisi ndi mwa mayi ake a Yunike (2 Timoteo 1:5). Ndi mmenenso zinalili ndi Mary. Mbewu imene inadzaphuka m'chaka cha 1876 inafesedwa ndi mayi ake zaka 40 m'mbuyomo.

Mary sanapite ku sukulu, koma aphunzitsi ankamuphunzitsira pakhomo, monga zinkakhalira ndi ana aakazi a mabanja achuma masiku amenewo. Anadziwa zilankhulo zitatu zakunja, ndipo anali ndi mawu okoma poimba. Pofuna kuti amalize maphunziro a zoimbaimba, mayi ake anamutengera ku Rome m'dziko la Italy pamodzi ndi mkulu wake. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi mnyamata wina dzina lake George Henry Sumner, mwana wa Bishopu wa dayosizi ya Winchester.

BANJA NDI MWANA WOYAMBA

Ukwati wawo unadalitsidwa ku Colwall pa 26 Julayi 1848, Mary ali ndi zaka 19. A George anali atangoyamba kumene utumiki wa mu mpingo. Banja limene Mary anakwatiwako linali la atsogoleri akuluakulu. Apongozi ake aamuna anali Bishopu Charles Sumner, ndipo mkulu wawo wa apongoziwo, a John Bird Sumner, anakhala Akibishopu wa Canterbury m'chaka chomwecho cha 1848. Linali banja lodziwika ndi kulemekeza Baibulo ndi mapemphero a pakhomo.

Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu, aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi. Mayi Sumner atakula ankakonda kufotokoza zimene anamva mumtima pamene anayangata mwana wawo woyamba, Margaret. Chimwemwe chinalipo, koma china chimene chinawagwira chinali mantha. Anazindikira kuti Mulungu waika m'manja mwawo mzimu wa munthu, mzimu wosafa, pamene iwo sankadziwa poyambira pouphunzitsa. Ankadziwa zilankhulo ndi nyimbo, koma palibe amene anawakonzekeretsa pa ntchito yolera mwana. Anadabwa kuti anthu amaphunzitsidwa ntchito zina zonse, koma mayi, amene ntchito yake ndi yaikulu chotere, amangosiyidwa kuti adzionere yekha.

Ambiri a ife mantha amenewa timawadziwa. Tinawamva tsiku limene tinatuluka m'chipatala titakumbatira khanda, kapena tsiku limene ana a mbale wathu amene anatisiya anabwera kudzakhala pakhomo pathu. Mayi Sumner sanawaiwale mantha awo. Anawasunga mumtima kwa zaka zoposa 25, akuwapereka kwa Mulungu m'pemphero.

ZAKA ZA KU OLD ALRESFORD

M'chaka cha 1851 Bambo George Sumner anapatsidwa parishi ya Old Alresford, mudzi waung'ono m'dera la Hampshire. Anakhalako zaka 34. Zambiri mwa zaka zimenezi Mayi Sumner sankadziwika kunja kwa parishi yawo. Ankalera ana awo, kuyendera odwala ndi okalamba, kuthandiza pa nyimbo za m'tchalitchi, ndi kuphunzitsa. Anatsogoleranso kalasi ya Baibulo ya abambo a m'mudzimo Lamulungu madzulo, ndipo anathandiza atsikana kudzera m'bungwe la Girls' Friendly Society, limene linayamba m'chaka cha 1875.

Ndi bwino tidziwe mmene moyo wa m'nyumba ya wansembe unkayendera masiku amenewo. Buku la Mapemphero la mpingo wathu limalamula wansembe kuchita mapemphero a m'mawa ndi a madzulo tsiku lililonse. Linagawa Masalimo onse 150 kuti aziwerengedwa kutha m'mwezi umodzi, ndipo linakonza kuti gawo lalikulu la Baibulo liziwerengedwa mwa dongosolo chaka chilichonse. Munthu wokhala m'nyumba yotere ankamva Salimo lomwelo maulendo 12 pa chaka, pa nthawi ya chimwemwe ndi pa nthawi ya maliro. Mawu amene wawamva kambirimbiri chotere amakhazikika, ndipo amabwera okha m'maganizo pa tsiku la vuto.

M'buku lomwelo muli pemphero la Sabata lachiwiri la Adventi, limene limafanizira Malembo ndi chakudya. Sikokwanira kungochiona kapena kuchimeza msangamsanga. Chiyenera kutafunidwa ndi kugayidwa kuti chisanduke mphamvu m'thupi. Kumeneku ndiye kusinkhasinkha. Ndi zimene ankachita Maria Woyera, amayi ake a Ambuye, amene Luka amatiuza kuti ankasunga zinthu mumtima ndi kuzilingalira (Luka 2:19). Zaka za ku Old Alresford zinali zaka zotere kwa Mayi Sumner. Anthu odutsa sakanaona chachilendo chilichonse, koma mizu inali kulowa pansi.

MSONKHANO WOYAMBA

M'chaka cha 1876 mwana wawo Margaret anabereka mwana wake woyamba. Mayi Sumner, ali ndi zaka 47, anakhala agogo. Poona mwana wawo akuyangata khanda, anakumbukira mantha awo aja, ndipo anaona kuti nthawi yakwana yoti achitepo kanthu. Anaitana amayi a m'parishi kuti abwere ku nyumba ya wansembe. Chachilendo chinali chakuti anaitana onse pamodzi, olemera ndi osauka omwe. Ku England kwa masiku amenewo, mkazi wa mwini munda ndi mkazi wa wantchito wa m'mundamo sankakhala pa mpando umodzi. Misonkhano ya amayi inalipo kale, koma inali yoti olemera aziphunzitsa osauka kusoka ndi ukhondo. Mayi Sumner ankakhulupirira kuti pa udindo wolera ana pamaso pa Mulungu, mayi aliyense ndi wophunzira.

Tsiku litafika, amayi anabwera nakhala pansi. Koma Mayi Sumner anagwidwa ndi mantha kotero kuti sanathe kuyamba. Anapempha amuna awo kuti alankhule m'malo mwawo. Bambo Sumner analankhula ndi amayiwo, nawapempha kuti adzabwerenso sabata yotsatira.

Taganizirani mmene sabata imeneyo inalili. Mudzi unali waung'ono, ndipo aliyense anamva zimene zinachitika. Ambiri a ife tikanangoti Mulungu sanatipatse mphatso imeneyi, n'kuisiya nkhaniyo pomwepo. Koma munthu wozolowera Malembo amadziwa kuti Mose nayenso anadandaula kuti satha kulankhula (Eksodo 4:10), ndipo Yeremiya anadziona kuti ndi mwana (Yeremiya 1:6), komabe Mulungu sanawachotsere ntchito. Sabata yotsatira amayi aja anabweranso, ndipo ulendo uno Mayi Sumner analankhula okha. Bungwe lathu linabadwa chifukwa mayi amene analephera anabwereranso kachiwiri.

KHADI LA MAMEMBALA

Pofuna kuti zimene ankaphunzira zisathere pa msonkhano, Mayi Sumner anakonza khadi loti mayi aliyense azilisunga pakhomo. Pa khadipo panali malangizo ochepa osavuta kumva. Loyamba linali lokumbutsa mayi kuti mwana wake anaperekedwa kwa Yesu Khristu mu ubatizo, ndipo ayenera kuleredwa kuti adzamutumikire. Ena anali oletsa kutukwana ndi nthabwala zonyansa pakhomo, oletsa kupatsa ana mowa kapena kuwatuma kumalo omwera mowa, ochenjeza za kuyendayenda kwa atsikana usiku, ndiponso olimbikitsa mayi kusamala zimene ana ake akuwerenga. Kumapeto kwake khadilo linkapempha mayi kuti azigwada ndi kupemphera m'mawa ndi madzulo, aziphunzitsa ana ake kupemphera, aziyesetsa kuwerenga mavesi ochepa a m'Baibulo tsiku lililonse, ndi kupita ku tchalitchi mokhulupirika.

Tiyeni tiime pang'ono pa langizo la Baibuloli. Khadilo silinalamule machaputala ambiri. Linapempha mavesi ochepa, koma tsiku lililonse. Mayi Sumner ankawadziwa amayi a m'mudzi mwawo. Ankadziwa kuti amadzuka kusanache, kuti ali ndi ana ambiri, ndiponso kuti ena ankawerenga movutikira. Anawapatsa katundu woti angathe kusenza. Makolo athu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Mayi wowerenga mavesi 5 pa tsiku amakhala atawerenga mavesi oposa 1,800 chaka chikamatha.

Onaninso kuti pa khadipo kuwerenga Baibulo kunaikidwa pamodzi ndi kusamala lilime, kudziletsa ndi kukhala chitsanzo kwa ana. Mayi Sumner sankasiyanitsa kuwerenga ndi kuchita. Yakobo amafanizira munthu wongomva Mawu osawachita ndi munthu amene wadziyang'ana pagalasi, n'kuchoka, n'kuiwala mmene akuonekera (Yakobo 1:22-25). Vesi limene tawerenga m'mawa liyenera kuoneka masana, pamene mwana waswa mbale, kapena pamene mnzathu watiyankha mwachipongwe pa mjigo.

Kwa zaka 9 bungweli linali la parishi imodzi yokha. Panalibe ofesi, panalibe kutchuka. Panali amayi a mudzi umodzi, khadi lawo, ndi mtsogoleri amene sanatope kuwasonkhanitsa. M'kati mwa zaka zimenezi, m'chaka cha 1880, Mayi Sumner ndi amuna awo anayenda ulendo wa ku Egypt, Palestine ndi Syria, kumene anaona ndi maso malo amene ankangowawerenga m'Baibulo. Atabwerako analemba buku lofotokoza ulendowo, limene linatuluka mu 1881.

KU PORTSMOUTH

M'chaka cha 1885 kunachitika msonkhano waukulu wa mpingo mu mzinda wa Portsmouth. Pa msonkhanowo panakonzedwa chigawo cha amayi, ndipo kunabwera amayi pafupifupi 1,000, ambiri a iwo osauka. Amene anayenera kuwalankhula anali Bishopu Ernest Wilberforce wa dayosizi ya Newcastle. Bishopuyo atayang'ana nkhope zotopa za amayiwo, anaona kuti mawu a mayi mnzawo angawafike pamtima kuposa ake. Anatembenukira kwa Mayi Sumner, amene ankawadziwa, nawapempha kuti alankhule.

Masiku amenewo sichinali chizolowezi kuti mayi alankhule pa msonkhano waukulu wa mpingo, ndipo Mayi Sumner sanakonzekere. Poyamba anakana, koma Bishopuyo anawalimbikitsa, ndipo anaimirira. Anali ndi zaka 56. Analankhula za udindo wa mayi pakhomo, nafotokoza kuti dziko silingakonzeke ngati mabanja sanakonzeke, ndipo anapempha amayi kuti agwirizane m'pemphero chifukwa cha ana awo. Mwadzidzidzi munthu amatulutsa zimene zili kale mumtima. Zimene Mayi Sumner analankhula ku Portsmouth zinali zimene anakhala akusinkhasinkha ndi kuphunzitsa kwa zaka zambiri m'mudzi mwawo.

Amayi ambiri anabwerera kwawo ndi chidwi choyambitsa misonkhano yotere. Bishopu Harold Browne wa Winchester anavomereza kuti Mothers' Union ikhale bungwe la dayosizi yonse. Chaka chomwecho cha 1885 ndi chimene amishoni a UMCA anakhazikika pa chilumba cha Likoma kuno kwathu. Anthu a ku Portsmouth ndi a ku Likoma sankadziwa kuti ntchito ziwirizi zidzakumana mwa ife.

BUNGWE LIKULA

Kuchokera ku Winchester bungweli linafalikira ku madayosizi a Ely, Exeter, Hereford, Lichfield ndi Newcastle. Pofika mu 1892 linali ndi mamembala 60,000 m'madayosizi 28, ndipo pofika mu 1900 analipo 169,000. Linawolokanso nyanja kupita ku New Zealand, Canada, India ndi mayiko ena. M'chaka cha 1888 linayamba kusindikiza magazini yake yotchedwa Mothers' Union Journal. Mu 1896 panakhazikitsidwa komiti yaikulu yoyang'anira bungwe lonse, ndipo Mayi Sumner anasankhidwa kukhala pulezidenti woyamba. Chaka chotsatira, mu 1897, Mfumukazi Victoria inavomera kukhala mtetezi wa bungweli.

Zolinga zimene zinakhazikitsidwa nthawi imeneyo zinali zitatu: kulemekeza kupatulika kwa ukwati, kudzutsa amayi onse kuti azindikire udindo wawo polera ana aamuna ndi aakazi, ndi kukhala ndi gulu la amayi pa malo aliwonse ogwirizana m'pemphero ndi otsogolera mabanja awo mwa chitsanzo chabwino. Vesi limene bungwe linkalikonda ndi la pa Miyambo 22:6, lonena za kuphunzitsa mwana njira yoyenera akadali wamng'ono. Tsiku la 25 Malichi, pamene mpingo umakumbukira uthenga wa mngelo kwa Maria, linasankhidwa kukhala tsiku lapadera la mapemphero ndi kuthokoza.

Pa nthawiyi n'kuti banjali litasamukira mu mzinda wa Winchester, pakuti Bambo Sumner anakwezedwa kukhala Akidikoni, ndipo mu 1888 anadzozedwa kukhala Bishopu wa Guildford, wothandizira Bishopu wa Winchester. Mayi Sumner ankayenda maulendo ambiri pa sitima kukalankhula m'madayosizi, ndipo ankalemba makalata ochuluka kwa mamembala a kutali. Ngakhale anafika podziwana ndi a ku nyumba yachifumu, uthenga wawo sunasinthe. Unali womwe uja wa pa khadi: pempherani, werengani Mawu, khalani chitsanzo.

UKALAMBA NDI IMFA

Chaka cha 1909 chinali cholemera. Mayi Sumner anatula pansi udindo wa upulezidenti, ndipo kumapeto kwa chakacho amuna awo anamwalira, atakhala pa banja zaka 61. Munthu amene anawaimira tsiku lija analephera kulankhula anali atapita. Patangopita zaka 5 kunabuka nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, imene inapha anyamata ochuluka, ambiri a iwo ana ndi amuna a mamembala a bungweli. Mayi Sumner, ali mayi wamasiye wa zaka zoposa 85, anapitiriza kulemba ndi kulimbikitsa amayi kuti asasiye kupemphera.

Anamwalira mu Ogasiti 1921 ali ndi zaka 92, ndipo anaikidwa pafupi ndi amuna awo m'bwalo la tchalitchi chachikulu cha Winchester. Amayi pafupifupi 4,000 anabwera ku mwambo wa maliro awo. Mu 1925 mu mzinda wa London munatsegulidwa nyumba ya likulu la bungwe, imene inatchedwa Mary Sumner House. Lero bungwe limene linayamba m'chipinda chimodzi lili ndi mamembala pafupifupi 4 miliyoni m'mayiko oposa 80, ndipo ambiri a iwo ali muno mu Africa. Chaka cha 2026 ndicho chokwanitsa zaka 150 chiyambire.

SANALI MNGELO

Sitikuthandizana tikamawajambula Mayi Sumner ngati munthu wopanda chofooka. Anali mwana wa nthawi yawo. Anakulira m'chuma, anali ndi antchito pakhomo, ndipo sanalawepo kugona ndi njala kapena kusowa ndalama ya mankhwala a mwana. Zina mwa zimene ankaona kuti n'zosavuta zinali zolemera kwa mayi wosauka. Komanso pofuna kuteteza ukwati, bungwe linakhala ndi lamulo lakuti mayi amene ukwati wake unathetsedwa asakhale membala. Lamuloli linapweteka amayi ambiri, kuphatikizapo amene anathawidwa popanda kulakwa. Linadzasinthidwa m'zaka za m'ma 1970, patatha kukambirana kwa nthawi yaitali.

Tikutchula zimenezi kuti tione kuti kukula mwa Khristu sikutha. Palibe munthu kapena bungwe limene linganene kuti lamaliza kuphunzira. Baibulo lomwelo limene limatiphunzitsa kupatulika kwa ukwati limationetsanso Yesu atakhala pa chitsime, akucheza ndi mayi wa ku Samariya amene banja linamuvuta kangapo (Yohane 4). Kukhazikika m'chikhulupiriro ndi kubwerera ku Mawu nthawi ndi nthawi, ndi kulola kuti atikonze, ngakhale pa zinthu zimene tinkaganiza kuti tinazimvetsa kale.

NANGA IFE?

Petro m'kalata yake yachiwiri (2 Petro 1:5-8) amafotokoza moyo wa Mkhristu ngati nyumba yomangidwa mzere pamwamba pa mzere. Maziko ndi chikhulupiriro. Pamwamba pake pamabwera khalidwe labwino, kenaka kudziwa, kudziletsa, kupirira, kuopa Mulungu, kukonda abale, ndipo pomaliza chikondi cha kwa onse. Akuti zimenezi zikamachuluka mwa ife sitikhala anthu osabala zipatso. Tikayang'ana moyo wa Mayi Sumner tikuona mizere imeneyi ikuikidwa umodziumodzi. Chikhulupiriro anachilandira kwa mayi awo. Kudziwa kunabwera m'zaka za mapemphero a m'mawa ndi madzulo. Kupirira kunaoneka pa sabata ija anabwereranso atachita manyazi, ndi m'zaka 9 zosonkhanitsa amayi a mudzi umodzi. Kukonda abale kunaoneka poika olemera ndi osauka m'chipinda chimodzi. Nyumba imeneyi inatenga zaka 92.

Tsono amayi anzathu, tiyeni tidzifunse moona mtima. Ntchito timagwira, ndipo mpingo umadziwa. Ndife timaphika pa maliro, timayendera odwala m'zipatala, timasesa m'tchalitchi, timasamala ana amasiye. Koma pa misonkhano yathu, ndi mphindi zingati zimene timakhala pa Mawu a Mulungu, ndipo ndi zingati zimene zimathera pa za zopereka, za nsalu ndi za maulendo? Kodi Baibulo lathu limatuluka m'chikwama pakati pa sabata? Kodi ana athu anationapo tikuwerenga? Bungwe likhoza kukhala ndi mamembala ambiri ndi yunifolomu yoyera bwino, koma likaleka kudya Mawu limayamba kufota m'kati. Zizindikiro zake timazidziwa: miseche, kulimbirana maudindo, kusungirana chakukhosi, ndi kutaya mtima msanga vuto likagwa pakhomo.

Ife tili ndi mwayi waukulu. Baibulo la Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, patangopita chaka chimodzi Mayi Sumner atamwalira, ndipo Buku Loyera linatuluka mu 1998. Mawu a Mulungu tili nawo m'chilankhulo chathu, m'mabuku, pa wailesi, ngakhale pa foni. Chimene chatsala ndi kuwapatsa nthawi.

Tikupempha nthambi iliyonse mu dayosizi yathu kuti ibwerere ku langizo la pa khadi lija. Mayi aliyense asankhe nthawi yake, kaya m'mamawa ana asanadzuke, kaya madzulo moto utazima. Awerenge mavesi ochepa, kawiri kapena katatu, mosathamanga. Adzifunse kuti mavesiwa akundiuza chiyani za Mulungu, akundionetsa chiyani mwa ine, ndipo lero ndichite chiyani. Kenaka apemphere pa zomwezo. Ndi bwino kutsatira buku limodzi mpaka kulimaliza, monga Uthenga Wabwino wa Luka kapena kalata ya kwa Afilipi, kusiyana ndi kungotsegula paliponse. Mayi amene sadziwa kuwerenga, kapena amene maso anayamba kuvuta, asadzione ngati watsalira. Apemphe mwana kapena mdzukulu kuti amuwerengere, ndipo potero Mawu adzalowa mwa anthu awiri nthawi imodzi. Vesi limodzi loloweza likhoza kupita nafe kumunda, kumsika ndi kuchigayo.

Pa misonkhano ya nthambi, tiyeni tiyambe ndi Mawu tisanafike pa za ndalama, ndipo tipatse mpata amayi awiri kapena atatu kuti afotokoze zimene aphunzira sabata imeneyo. Amayi aakulu agwire dzanja amayi achitsikana, monga Paulo analangizira Tito (Tito 2:3-5). Ndipo ngati pali mayi wamanyazi amene wapemphedwa kutsogolera pemphero n'kukanika, tisamuseke kapena kumudumpha ulendo wotsatira. Tikumbukire kuti amene anayambitsa bungwe lathu nawonso anakanika tsiku loyamba, ndipo amayi a ku Old Alresford anabweranso sabata yotsatira kudzawamvera.

Mulungu amene analimbitsa mtumiki wake Mary Sumner atilimbitse ifenso, ndipo adalitse mabanja athu, ana athu ndi nthambi zathu zonse.